Mwana wochitidwa nkhanza akusowa mwini nkhani

Akonzi,

Tipatseniko danga tikambepo za ntchito yoteteza ana kuno ku Dedza. Ogwira ntchitoyi alipo. Kupolisi kuli ofesi ya VSU yothandiza anthu ochitidwa nkhanza, kuchipatala kuli madokotala ndi anamwino, kuboma kuli ofesi ya zosamalira anthu ndi alangizi ake oteteza ana m'madera, kusukulu kuli amayi a mother group, kumudzi kuli mfumu ndi nduna zake. Malamulo nawonso alipo: loona za chisamaliro, chitetezo ndi milandu ya ana la 2010, la maukwati la 2015, komanso malamulo aakulu a dziko lino omwe anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana. Chikusowa ndi mwini nkhani. Mwana amachoka m'manja mwa uyu koma osafika m'manja mwa uyo, ndipo pakatha milungu iwiri mukafunsa komwe akugona, aliyense amaloza mnzake.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa zaka 12 wagwiriridwa Lachisanu usiku. Mayi ake azindikira Loweruka m'mawa poona kayendedwe kake. Sathamangira kuchipatala ayi, ayamba akauza mwinimbumba, chifukwa nkhani yotere mkazi sainyamula yekha. Atsibweni akuti tikagwade kwa amfumu. Amfumu akuti bwalo likhala Lolemba. Lolembalo woganiziridwa uja sakuoneka, nkhani yaimikidwa mpaka Lachitatu. Onsewa akuona ngati akuthandiza, koma mwanayo wataya chinthu chomwe sichibwerera. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP aja, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba mwangozi nawonso mphamvu yake imachepa tsiku lililonse lomwe lapita. Zilonda zimapola, umboni umafufutika.

Tsono dongosolo loyamba lomwe mudzi uliwonse uyenera kuliloweza ndi ili: kuchipatala kaye, kupolisi pambuyo, amfumu angodziwitsidwa pa foni ulendo uli m'kati. Chikalata cha apolisi chimafunika pa mlandu, koma si tikiti yolowera kuchipatala, ndipo wachipatala wobweza mwana kuti akatenge kaye kalata akulakwitsa. Ngati n'kotheka mwanayo asasambe, ndipo zovala zomwe anavala zikulungidwe m'pepala louma kapena mu envelopu, osati m'jumbo, poti m'jumbo chinyontho chimaziwolesa. Koma ngakhale atasamba kale, ngakhale masiku atatu atadutsa, apite ndithu. Pali matenda ena opatsirana ofunika mankhwala, pali kuyeza mimba, palinso lipoti la dokotala lomwe khoti lidzafune.

Apa ndi pomwe pamatulukira vuto lomwe misonkhano ya m'mahotela siilikamba: ndalama ya thiransipoti. Mayi wa ku Golomoti kapena ku Mtakataka akauzidwa kuti akaonekere kuboma, ndiye kuti akwere phiri lonse lija, iye ndi mwana, kupita ndi kubwera. Ulendowo si umodzi. Pali wa kuchipatala, wokapereka sitetimenti, wobwereranso kukaonedwa ndi kukayezetsa magazi, ndiye pali ya kukhoti, komwe mlandu ukhoza kuimikidwa kawiri katatu. Banja lomwe likudya kamodzi patsiku limayenda maulendo awiri, wachitatu n'kugwa ulesi. Kenaka timva kuti "mboni sizikubwera", mlandu watha. Komiti iliyonse ya chitukuko ya m'mudzi ikanakhala ndi kathumba kapadera ka ana, kokwana maulendo asanu a kabaza, kosungidwa ndi anthu awiri osayinirana, ndiponso mgwirizano ndi anyamata awiri a njinga zamoto oti akaitanidwa usiku anyamuke, adzalipidwe m'mawa. Si ndalama zoopsa. Zimaposedwa ndi zomwe timasonkha pa maliro amodzi.

Za mafumu tinenepo mosabisa. Lamulo la 2010 lija limawapatsa mphamvu yaikulu: mfumu, wapolisi, wa zosamalira anthu, ngakhale munthu wamba, akaona kuti mwana ali pachiopsezo akhoza kumuchotsa n'kumuika pamalo otetezeka, bola nkhaniyo ifike kukhoti la ana pasanathe maola 48. Mphamvu yomwe alibe ndi yoweruza mlandu wogona ndi mwana. Umenewu ndi mlandu wa boma, chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse. Mbuzi ndi nkhuku za chindapusa zimadyedwa ndi akuluakulu pabwalo, mwana n'kubwerera m'nyumba momwe muja, kwa munthu yemwe uja, amene tsopano wadziwa mtengo wake.

Koma tisathamangire kunyoza mayi amene akuti "tingokambirana pachibale". Nthawi zina wolakwayo ndi bambo womupeza, mkamwini yemwe amalima munda ndi kugula sopo. Mayi amawerenga ana anayi otsala, n'kuyang'ana nkhokwe. Ngati wothandiza angobwera ndi unyolo wa apolisi osabwera ndi yankho la chakudya, mayiyo mawa adzasintha mawu. Choncho tsiku lomwe mlandu walembedwa, lilembedwenso funso loti banjali lidya chiyani miyezi itatu ikubwerayi, ndipo dzina lake lipite kwa oyendetsa Mtukula Pakhomo, kumpingo kapena kumzikiti, ndi kugulu la banki m'khonde. Woimira boma pamlandu auzidwenso msanga ngati woganiziridwayo amakhala nyumba imodzi ndi mwanayo, kuti khoti likamaganizira za belo lidziwe zimenezo. Mwana akasamutsidwira kwa azakhali kapena agogo, wina apite akaone ndi maso: agona chipinda chiti, ndi ndani, sukulu ili patali bwanji, ndipo kodi m'nyumbamo akumuyesa wodyetsa banja manyazi?

Tibwerere kwa mwini nkhani uja. Mwana aliyense amene nkhani yake yatsegulidwa apatsidwe munthu mmodzi, wodziwika dzina ndi nambala ya foni, kawirikawiri mlangizi woteteza ana wa deralo. Iyeyo asunge kaundula, hadikava wamba, wotsekeredwa m'bokosi. Pa mwana aliyense tsamba limodzi: nambala ya nkhani m'malo mwa dzina, tsiku lomwe zachitika, tsiku lomwe zamveka, zaka za mwana ndi umboni wake, ola lomwe wayamba PEP, komwe akugona, tsiku la kukhoti, ndi chochita chotsatira pamodzi ndi woti achichite. Amuyendere m'sabata yoyamba, kenaka pakatha milungu iwiri iliyonse kwa miyezi itatu. Akafika awerenge mapiritsi otsala, chifukwa ana ena amasiya mankhwalawa akamva nseru. Tsambalo lisatsekedwe chifukwa woweruza wagamula. Litsekedwe mwana akakhala kuti akugona pabwino ndipo wabwerera m'kalasi.

Kamodzi pamwezi, m'dera la mfumu yaikulu iliyonse, kaya kwa Kaphuka, kwa Kachere, kwa Tambala kapena kwa Kasumbu, anthu asanu akhale pansi ola limodzi: mlangiziyo, wa VSU, wachipatala, mphunzitsi wamkulu mmodzi ndi nthumwi ya mfumu. Palibe zolankhula za mlendo wolemekezeka, palibe alawansi. Angotsegula kaundula n'kumafunsana nambala ndi nambala kuti iyi ili pati.

Umboni wa zaka ndi msampha wina. Woimbidwa mlandu amangoti "ndimaona ngati ndi wamkulu". Chiphaso cha kubadwa cha ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa nzika, ndiye chomaliza mkangano, koma pomwe palibe, kabuku ka kusikelo, khadi la ubatizo ndi kaundula wa kusukulu zisonkhanitsidwe sabata yoyamba yomweyo, zisanasowe mwadala.

Chinanso chopweteka ndi kufunsa mwana kambirimbiri. Afotokozere amayi, atsibweni, amfumu pagulu, aphunzitsi, namwino, wapolisi. Pofika kukhoti watopa, mawu asintha pang'ono, ndipo wolakwa amapulumukira pomwepo. Malo a Chikwanekwane anakhazikitsidwa m'zipatala zina kuti dokotala, wapolisi, wa zosamalira anthu ndi wopereka uphungu apezeke pamodzi, mwana alankhule kamodzi. Kumidzi komwe kulibe, woyamba kumva achite zochepa: amvetsere pamalo pa awiri, asamuikire mawu m'kamwa ndi mafunso onga "ndi ujeni eti?", alembe mawu a mwanayo momwe wawanenera, amuuze kuti sanalakwe, ndipo asalonjeze kuti sauza munthu, chifukwa ayenera kukanena. Chithunzi cha mwana kapena dzina lake lisaikidwe pa WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale ndi cholinga chopempha thandizo. Anyamata nawo amagwiriridwa, amangobisa kwambiri. Mwana wosamva kapena wa ulumali wa m'bongo amafunika womasulira yemwe si wa m'nyumba momwemo.

Ana omwe nkhanza sizinawagwere koma zili pakhomo amaonekera m'kaundula wa kusukulu. Mwana akajomba masiku asanu otsatizana popanda uthenga, amayi awiri a mother group apite kwawo sabata yomweyo. Kuno malire ndi Mozambique ali pafupi, ena n'kungodumpha msewu. Mnyamata wa sitandade 4 akazimirira nthawi ya dzinja, mwina ali kutsidyako akuweta ng'ombe kapena akulima mbatata ya kachewere. Mtsikana yemwe wayamba kujomba tsiku lililonse la msika, kaya ku Chimbiya kaya ku Lizulu, n'kumabwera ndi foni yomwe makolo sanagule, pali wina akumugulira. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limakhudzanso wotenga mwana pomunamiza ntchito.

Inkosi Theresa Kachindamoto wa kuno ku Dedza anatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana ochuluka ndi kuimitsa mafumu owaloleza. Chomwe ambiri saona ndi chakuti anali ndi makolo m'midzi omwe ankamutsina khutu mwakachetechete, ndipo ankalondola ngati mwana wabwereradi kusukulu. Kuchotsa mtsikana kubanja ndi ntchito ya tsiku limodzi. Yunifolomu, makope, fizi ya kusekondale ndi womulerera khanda akakhala m'kalasi ndiye ntchito ya zaka.

Pempho lathu ku khonsolo ndi makhansala ndi loti pokonza bajeti ikubwerayi pakhale mzere wapadera wa mafuta a njinga zamoto za alangizi oteteza ana ndi thiransipoti ya mboni, wosabwerekedwa ku zina. Ndipo pakhoma la sukulu iliyonse, chipatala chilichonse ndi chigayo chilichonse palembedwe ndi penti nambala zitatu: 116, nambala yaulere yothandiza ana, ya wapolisi wa VSU wapafupi, ndi ya mlangizi wa deralo. Mlangizi akasamutsidwa, wina akafufute nambala yakaleyo n'kulemba yatsopano.

Ife okhudzidwa ndi chitetezo cha ana,
Dedza