Webusaiti yoyamba sifuna ndalama, ifuna zithunzi zopepuka

Akonzi,

Achinyamata ambiri muno mu Lusaka, osoka zovala ku Kamwala ndi okonza mafoni ku City Market, amaganiza kuti webusaiti ndi ya anthu olemera okha. Ndiloleni ndiwauze kuti zida zoyambira n'zaulere.

Amene safuna kulemba khodi (malangizo ouza kompyuta mmene tsamba lionekere) ayambe ndi Google Sites kapena Blogger. Akaunti ya Gmail ndi yokwanira. WordPress.com nayo ili ndi gawo laulere, kungoti imaika malonda ake patsamba lanu.

Koma wofuna kuphunziradi ntchitoyi apite ku GitHub Pages, malo aulere oikapo tsamba lomwe walemba yekha. Tsegulani akaunti pa GitHub, pangani repository (malo osungira mafayilo a tsamba lanu) yoti aliyense aione, muitche dzinalanu.github.io, dzinalanu likhale lenileni la akauntiyo. Ikanimo fayilo ya index.html, yomwe ndi tsamba loyamba la webusaiti yanu, lolembedwa mu HTML, khodi yopangira masamba. Tsamba limatha kutenga mphindi 10 lisanaoneke, ndiye musafulumire kufufuta zinthu. Pomwe ambiri amagwa ndi pa maina a mafayilo. Windows saona kusiyana pakati pa Shati.JPG ndi shati.jpg, koma seva ya GitHub (kompyuta yosunga tsamba lanu pa intaneti) imakuona. Zotsatira zake, chithunzi chimaoneka bwinobwino pakompyuta yanu, pa intaneti n'kusowa. Lembani maina onse ndi zilembo zazing'ono, opanda mipata.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi zithunzi. Makasitomala athu amatsegula tsamba pafoni, ndi bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel yomwe agula movutikira. Chithunzi chochokera mufoni chimalemera 3 MB kapena kuposa. Zikakhala 10, munthu wadyeredwa 30 MB asanaone n'komwe mtengo wa katundu. Amangotseka, osabweranso. Musanaike chithunzi, chidutse mu Squoosh, chida cha pa intaneti chopepukitsa zithunzi: m'lifupi chikhale mapikiselo 1200, muchisunge ngati WebP (mtundu wa fayilo ya chithunzi wopepuka), chitsike pansi pa 200 KB. Kenako yesani tsambalo pa PageSpeed Insights, chida cha Google choyeza liwiro la tsamba, mbali ya mafoni. Zilembo zikamaoneka ting'onoting'ono pafoni, ndiye kuti mwaiwala mzere wa viewport (wouza foni kuti tsamba likwane pasikirini yake) m'mutu wa HTML.

Ikaninso batani la WhatsApp, poti ndiko kumene malonda amathera. Linki yake ndi wa.me/260 kenako nambala yanu, mutachotsa 0 woyambirira. Mukapanda kuchotsa 0 ameneyo, uthenga sufika kwa inu.

Dzina la webusaiti lothera ndi .zm, lomwe limayang'aniridwa ndi ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti, si laulere. Lidikire kaye mpaka tsambalo litayamba kubweretsa makasitomala, ndipo GitHub Pages imalola kulilumikiza pambuyo pake popanda kumanganso tsamba.

Wowerenga wanu,
Kabwata, Lusaka