Ma labu alipo, koma ife wamba zotsatira timaziona kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ma labu aboma oyeza madzi, zakudya ndi mankhwala, chifukwa zomwe zandionekera mwezi wathawu zandisiya ndi mafunso ambiri.

Ine ndimakhala ku Chinsapo, pa lendi, mabanja asanu poloti imodzi. Madzi akumwa timagula pa kiosk koma mukudziwa kale mmene zimakhalira, lero mpopi wauma, mawa mthumba ndi momwe mwauma, ndiye timathawira pa chitsime chomwe a landilodi anakumbitsa kuseri kwa nyumba. Madzi ake oyera mbee, ukatunga mu ndowa umaona mpaka pansi. Mvula itangoyamba ana atatu pa poloti pano anatsegula mmimba sabata imodzi, wanga wa zaka 4 ndi amene anafooka kwambiri, maso kulowa mkati, tinagona naye ku chipatala masiku awiri ali pa dripi. Sinali kolera, tithokoze Mulungu, koma funso loyamba la adokotala linali lakuti mayi madzi mumatunga kuti?

Nditabwerako ndinawafikira a landilodi mwaulemu. Yankho lawo, "Amayi a Chisomo, madzi amenewa tinayamba kumwa nthawi ya Bakili, anafa ndani?" Chomwe sanatchule nchakuti chaka chatha anakumba chimbudzi chatsopano. Ndinawerenga mapazi kuchoka pa chimbudzi kufika pa chitsime, 12 basi, pomwe alangizi a zaumoyo amati pazitalikirana mamita 30.

Ndiye ndinati mmalo mokangana tiyeni tiyezetse. Ndinatunga madzi mu botolo la sobo, kutsuka bwinobwino ndi sopo, kukwera minibasi wa mtauni. Ofesi yoyamba anati si kuno, yachiwiri anati bwana wake ali ku workshop, yachitatu ndi komwe ndinapeza mnyamata wina wa mtima wabwino anandikhazika pansi. Anaseka pang'ono ataona botolo langa, akuti madzi oyeza satungira mu botolo lililonse, pamafunika botolo lawo lophedwa tizirombo, uliike mozizira ndipo lifike ku labu pasanathe maola ambiri. Akatero amasefa mamililita 100 pa kapepala kapadera, kapepalako nkukaika motentha usiku wonse, mawa lake amawerenga timadontho tomwe tamera. Ngati mwapezeka kachirombo kotchedwa E. coli olo kamodzi ndiye kuti mmadzimo mwalowa za kuchimbudzi, kaya akuoneka oyera chotani. Kunena zoona ndinaphunzira zambiri pa mphindi 10 zimenezo. Koma atatchula ndalama yake ndinangonyamula chikwama changa, botolo ndinalisiya pa depoti.

Ndiye dandaulo langa si lakuti ma labu kulibe ayi. Alipo, ena muno mu Lilongwe momwe. Ku Area 3 kuli ku CHSU komwe kuli labu yaikulu ya unduna wa zaumoyo yofufuza matenda. A PMRA, omwe kale tinkawadziwa kuti Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ali ndi labu yoyeza mankhwala. A MBS akhala alipo kuyambira 1972, ndi aja amaika chidindo pa mafuta ophikira ndi madzi a mmabotolo. Ku Chitedze amayeza chuku mu mtedza. Koma ife wamba timamva za iwo zinthu zitavuta kale. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 dziko muno, nthawi imeneyo kolorini amagawa khomo ndi khomo, zitsime zimayenderedwa, itangotha ziii. Anzathu a ku Area 18 mu 2017 anadziwa okha ndi mphuno kuti mmipopi mukutuluka za suweji.

Ya chuku ija ndiye imandiopsa kuposa ya madzi, chifukwa madzi ukhoza kuwiritsa. Poizoni wa chuku saphedwa ndi moto, kaya ukazinge kaya uphike, ndipo nthawi zambiri sadwalitsa lero ndi lero, amangodya chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, ana nkumapinimbira. Tsono taganizani, mtedza wabwino amasankha nkupita nawo kunja atauyeza, wotsalira uja wofota, wakuda, wowawa ukautafuna, ndi umene umakagayidwa nkukhala nsinjiro za mtimapepala ndi chiponde chopanda lebulo pa msika. Ineyo ndimagula, ndisaname, nkhwani wopanda nsinjiro kwathu sadya. Ku Zambia mu 2024 anadzidzimuka agalu atayamba kufa, poyeza nkupeza kuti ndi chuku cha mu chimanga. Ife tidikirenso agalu?

Mankhwala nawo, pa msika mupeza ma kapisozi ali padzuwa pa chisaka, pambali pake pali tameki wa makoswe womangidwa mu kapepala kopanda dzina, wogulitsa ndi mmodzi yemweyo, manja omwewo. Ku Gambia mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ndi mankhwala a chifuwa a madzimadzi omwe munali poizoni, ndipo anali a mubotolo labwinobwino la lebulo. Nanga awa a pa chisakawa?

Pempho langa kwa akuluakulu ndi ili. Mukayeza madzi a mzitsime ndi mijigo ya dera lakuti, kapena chiponde ndi ufa wa pa msika wakuti, zotsatira muzizilengeza mu Chichewa pa wailesi, pa Facebook, olo kumata pepala pa kiosk ndi kwa amfumu. Muzinenanso zikakhala bwino, kuti tidziwe pothawira. Chachiwiri, alangizi a zaumoyo ali nafe mmakwalala muno tsiku ndi tsiku, bwanji osawapatsa mabotolo aja kuti mayi ngati ine ndikadandaula iwo atunge okha nkutumiza, makamaka nyengo ya mvula ino? Msonkho timadula pa shuga ndi sopo yemwe, sitikupempha za ulere.

Panopa ine ndikuthira kolorini, ikatha ndikuwiritsa pa mbaula ngakhale makala akwera mtengo chonchi. A landilodi avundikira chitsime ndi lata ati nkhani yatha, ndipo anzanga awiri pa poloti pano akumwabe osathira kanthu, akuti ndilibe umboni. Ndipo ndi zoona ndilibe, pepala la ku labu ndi lomwe likanawatseka pakamwa.

Ine wanu,
Mayi wodandaula,
Chinsapo, Lilongwe