Kwa a kampani yolemba lipoti la zachilengedwe pa msewu wa kutsidya kwa Shire

Mabwana, ndalemba pa tsamba lanu pano chifukwa foni ya ku ofesi kwanu imangoitana osayankhidwa.

Msewu tikuufuna, wina asatinamizire kuti tikukana chitukuko. Tatopa kukankha odwala pa kabaza m'matope. Koma msonkhano umene mukuti munamva maganizo a anthu uja, ine ndinalipo. Munaitana mafumu ndi a makomiti owerengeka, pa nthawi imene mudzi wonse uli ku dimba kubzala madzi ataphwa. Bwana wina anawerenga Chingerezi pa kompyuta, womasulira n'kumangodula mitu. Chisena sichinamveke n'komwe. Kenako pepala linazungulira, tinasaina, tinamwa zoziziritsa kukhosi. Kusaina kuti tinabwera kuja ndiye mwakusandutsa kuvomera?

Ndinakweza dzanja, munati nthawi yatha. Funso langa linali la madzi.

Kuno ndi kuchigwa. Mvula igwe ku Thyolo kapena ku Mulanje, onyowa ndife. Mukakweza msewu ndi dothi n'kuika makalavati ang'onoang'ono, mwamanga damu: mchenga umatseka kalavati, madzi amabwerera m'nyumba za anthu, akatopa amadula msewuwo. Zimenezi tinaziona kale. Njanji inaduka pa Mtayamoyo mu 1997. Mu 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kulowa ku Makhanga. Anabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Agogo aliyense kuno akhoza kukulozerani ndi ndodo pamene madzi anafika chaka chilichonse mwa zaka zimenezi, koma anyamata anu anabwera kudzayeza pansi pali gwa, fumbi lili koboo, osafunsa munthu.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu ngati iyi ziunikidwe zisanayambe, ndipo kuunikako kumaphatikiza kumva ife okhudzidwa. Nanga lipotilo lili kuti? Mukuti pa intaneti. Mayi wogulitsa nsomba za ku Elephant Marsh agule bandulo kuti awerenge chibuku cha Chingerezi?

Bwererani. Tikhale pansi pa mtengo, m'mudzi, uthenga udutse kwa anyakwawa sabata isanakwane. Mubwere ndi mapu, mutionetse podutsa madzi, pokumba dothi, ndi manda ndi madimba amene akhudzidwe, komanso za chipukuta misozi. Amayi alankhule okha, pajatu madimba ambiri ndi awo. Ndipo mubwere mvula ikugwa, galimoto musiye pa Thabwa, tiyende limodzi.