Thoko, andipatsa udokotala ku Mvano

Thoko mzanga,

Voice yako ija ndaimva, ukudandaula kuti sindikuyankha, ukufunsa kuti mu labumo ndimachitamo chani. Ndikuphika mkuwa aise. Timasungunula copper acetate, mchere wa mkuwa, m'madzi otentha, kuthiramo glycine, kakang'ono kuposa tonse mwa ma amino acid, tizidutswa tomwe timapanga mapuloteni, zikamazizira pansi pamadikha tinthu tabuluu tonga singano. Kenako timadonthezera pa timapepala tozungulira nkuika mu mbale momwe tafesamo mabakiteriya a E. coli ndi Staphylococcus aureus, mawa lake kubwera ndi rula kuyeza kuti mabakiteriya atalikira kapepalako mamilimita angati. Glycine payekha sawopsa kanthu, koma akagwirana ndi mkuwa akuti chitsulocho chimalowa mosavuta mkati mwa bakiteriya. Ntchito yake ndi imeneyo basi, magetsi akalola, chifukwa incubator, kabati yofunditsira mabakiteriyawo, ikazima usiku umayambiranso.

Tsono vuto ndi mayi ake a Chikondi. Ndinangowachezera kuti ku Mexico kuli mayi wina, Lena Ruiz Azuara, anapanga mankhwala a mkuwa otchedwa Casiopeínas, ena mwa iwo ali ndi glycine yemweyu ndipo akuwafufuza pa khansa. Lachinayi lake anakanena ku Mvano kuti mwana wa a Phiri wapeza mankhwala a khansa! Pano Madalitso akunditchula kuti adokotala, a landilodi ayamba kundipatsa moni wogwira pachigongono ndipo ndikudziwa kuti renti ikwera, mayi wamandasi uja akukana kundibwezera chenji akuti ndine wolemera kale. Ine amene ndikupempha magolovesi kwa anzanga. Eya, Yamikani akukwatira mwezi wamawa, ndi mtsikana wa ku Dedza uja.

Koma dzana anabwera azakhali ako a Nachisale ndi kabotolo kopanda kanthu mchikwama, kuseka kunatha. Awonda Thoko. Ali pa mankhwala otchedwa cisplatin chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero ija, akuti imawasanzitsa koopsa ndipo amangowayeza impso, ndiye amafuna ndiwatsanulireko zangazi mwina nzofatsa. Ndinawafotokozera kuti omwe akulandirawo nawonso ndi a chitsulo, platinum, kuti wasayansi Barnett Rosenberg anaona mu 1965 E. coli ikungotalika osagawikana chifukwa cha mankhwala a platinum amenewa, koma anadzawavomereza kupatsa odwala mu 1978, zaka 13, ku America komwe ndalama zilipo. Zanga zabuluuzi sizinakhudzepo ngakhale mbewa, ndipo mkuwa ukachuluka mthupi umawononga chiwindi. Ndinawachonderera kuti asadumphe tsiku la kuchipatala. Anangoti zikomo mwanangu, koma nkhope imaoneka kuti akuganiza ndikuwamana.

Uwaimbire, iwe amakumvera. Ndipo ukamatumiza kenakake usadutsitsenso kwa Madalitso, ndikuuza zomwe anachita ndi za ulendo uja koma foni ili pa 2% ndipo magetsi

Tadala