Kufiira ndi kupsa, ndi chimodzi kapena ziwiri?

A Mkonzi,

Ndiloleni nditule pano mkangano wa kunyumba kwathu, mwina owerenga anzanga atiweruza. Unayamba ndi tomato. Mayi akunyumba anagula mulu wofiira psuu, koma podula mkati muli gwa, ndiye mnyamata wanga wa folomu 4 akuti adadi mwaona, kufiira ndi kupsa si chinthu chimodzi. Apo sitinalimbane, mango ena amapsa khungu likadali lobiriwira, mileme imadziwa. China chikapezeka chinzake palibe ndiye kuti ndi makhalidwe awiri basi.

Vuto linabwera atatulutsa buku la masamu. Thirayango iliyonse ili ndi mbali zitatu komanso ngodya zitatu, simudzapeza ina yokhala ndi ichi yopanda icho, kaya kuno kaya kumwezi. Iye akuti poti sizisiyana ndiye kuti ndi khalidwe limodzi longokhala ndi maina awiri, ngati mmene Nthanda ya m'mamawa ndi nyenyezi yowala ija ya madzulo zilili pulaneti imodzi, Venus. Ine ndinakana mpaka nsima inazizira.

Ndakhala pa ukalipentala zaka zambiri, ndikamapanga thirasi ya denga mbali ndi matabwa amene ndimadula ndi sowo, ngodya ndi pokumana pake pamene ndimakhoma misomali, ukalakwitsa pamenepo denga limapendama ngakhale matabwa ali olondola. Ndinamulembera Z pansi ndi kamtengo, mizere itatu ngodya ziwiri. Akuti aaa koma imeneyo siyotseka. Eya, ndi kutsekako kumene kumaziyendetsa limodzi, koma kuyendera limodzi sikukhala chimodzi, ng'ombe ziwiri pagoli limodzi sizisanduka ng'ombe imodzi.

Mwanayu, poti amakhalira pa intaneti, anandiuza za Sydney Shoemaker, katswiri wa filosofi wa ku America, amene mu 1980 analemba kuti khalidwe la chinthu limadziwika ndi zimene limachititsa, awiri akamachititsa zofanana ndendende ndiye kuti ndi limodzi. Pa mchere ndi shuga zikumveka, onse ndi oyera koma thirani mu tiyi muone. Pa thirayango mpamene ndikukayika, chifukwa chilichonse chimene ya mbali zitatu ingachite ya ngodya zitatu ichitanso, poti ndi thirayango yomweyo, ndiye mfundo ya mkuluyu ikukomera mwana wanga, koma manja angawa amadziwa kuti kudula ndi kukhoma ndi ntchito ziwiri.

Aphunzitsi a masamu amene mumawerenga nyuzi ino tiyankheni chonde, pano tagwirizana kuti woluza agula fanta.

Kalipentala wa ku Ndirande,
Blantyre