Bulubuku la galimoto yakale si lokulungira zitumbuwa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi anzanga amene kuseri kwa nyumba zawo kuli galimoto ya makolo yokhala pamiyala, komanso amene amagwira ntchito yosesa m'nyumba ya malemu maliro akatha.

Mwezi wathawu ndinagula zitumbuwa pa Balaka ndikudikira minibasi ya ku Ntcheu. Nditamaliza kudya ndinati ndipukute mafuta kumanja ndi pepala lomwe mayi wogulitsayo anandikulungira, koma maso anagwera pa zolembedwazo. Linali tsamba la buku la galaja, lolembedwa pamanja ndi inki yabuluu, chaka chake 1969. Pamzere uliwonse panali nambala ya galimoto, chimene chinavuta, sipeya amene anaikamo, ndi mtengo wake m'mapaundi, mashereni ndi makobiri. Munthu amene ankalembayo anali ndi dzanja lokongola kuposa la aphunzitsi ambiri a lero, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene wagwira choko mpaka kupuma ntchito. Ndinalipinda pepalalo n'kuika m'thumba la malaya, mafuta ndi mafuta omwe. Linandikumbutsa chibwana chimene ine ndi mng'ono wanga tinachita ndi galimoto ya bambo athu.

Bambo anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Atabwerako ulendo womaliza anagula Peugeot 404 ya pikapu, yogwiritsidwapo kale ntchito, kwa munthu wina wa sitolo ku Limbe. Achinyamata a lero sangaidziwe. Giya yake inali pa chiwongolero, mpando wakutsogolo unali umodzi wautali, ndipo pa msewu wafumbi wa mabampu inkangoyandama pomwe magalimoto ena akugwedezeka ngati sefa. Galimoto zamtunduwu zinayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo pa mpikisano wothamangitsa magalimoto wa East African Safari zinapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza mpaka 1991, ku France atazisiya kalekale. Yathu sinapikisane ndi aliyense. Inanyamula chimanga kupita kumsika wa ADMARC, odwala kupita kuchipatala usiku, akwati, mabokosi a maliro, ndi ife ana popita kusukulu yogonera komweko.

Bambo atamwalira galimotoyo inali itaima kale zaka zingapo pansi pa mtengo wa mango. Nkhuku zinkaikira mazira pampando. Tsiku lina kunabwera bambo wina wochokera ku Blantyre amene anamva kwa amakaniko kuti kwathu kuli 404. Sanayang'ane matayala kapena penti ayi. Anatsegula boneti, n'kupukuta ndi chala pa kachitsulo kolembedwa nambala ya chesisi, n'kuyang'ananso nambala ya injini, ndipo ndinaona nkhope yake ikuwala. Kenako anafunsa kuti, "Achimwene, mapepala ake alipo?" Ine ndi mng'ono wanga tinangoyang'anana. Tinkadziwa kuti pa tsiku losesa, azakhali anasonkhanitsa mapepala onse a m'chipinda cha bambo n'kukawotcha kudzala, ati kuchotsa zinyalala zoitana makoswe. Tinamuuza choncho. Anatseka boneti mwaulemu, n'kutiuza kuti popanda bulubuku, buku losonyeza mwini galimoto, sangathe kusintha umwini, ndipo galimoto yosayenda pamsewu mwalamulo kwa iye ndi mulu wa masipeya basi. Mtengo umene anatchula unatinyansa, tinakana. Patapita miyezi ingapo tinaigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo pa sikelo, pa mtengo wotsika kuposa umene tinakana uja. Anaiduladula pomwepo ife tikuona.

Mayi anatisiya patapita zaka ziwiri. Potsegula thiranki yawo, pansi penipeni pa nsalu za Chigwirizano, tinapeza chitini cha mabisiketi chomangidwa ndi lamba wa mphira ya njinga. Zonse zinali mmenemo. Mayi sankawerenga Chingerezi, koma ankadziwa mapepala amene bambo ankawagwira ndi manja awiri, ndiye anawabisa azakhali asanafike ndi tsache. Pa tsiku la wogula uja iwo anali kumunda, ndipo palibe mmodzi wa ife ophunzirafe amene anaganiza zowafunsa.

Chitinicho ndili nacho pano pamene ndikulemba. Muli bulubuku, makona ake ofewa ngati nsanza, lokhala ndi mayina a eni ake awiri bambo asanalowepo. Muli kalata yogulitsirana, yotayipidwa pa makina amene chilembo cha "e" chinali chitatha, kopi ya kaboni, pansi pake pali sitampa yomatidwa ndipo siginecha ya wogulitsa yadutsa pamwamba pa sitampayo. Bambo anasayina pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu zopatukana. Mboni yawo inadinda chala. Mtengo unatayipidwa m'mapaundi, ndiye wina anaudula ndi bolopeni n'kulemba pambali pake m'makwacha, nambala yowirikiza kawiri, chifukwa chinali chaka cha 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, paundi imodzi kukhala K2 ndipo shereni kukhala 10 tambala. Ndaphunzitsa za kusintha kwa ndalamaku m'kalasi kangapo konse kuchokera m'buku, osadziwa kuti umboni wake uli m'thiranki ya mayi anga, pa pepala la anthu awiri amene sankakhulupirirabe ndalama yatsopanoyo mpaka analemba zonse ziwiri.

Mulinso malisiti atatu a ndalama zotsala zimene bambo ankalipira pang'onopang'ono, lililonse lotsatana ndi nyengo yogulitsa mbewu. Muli timapepala tozungulira ta msonkho wa pamsewu timene ankamata pagalasi, amene bambo ankatimatula bwinobwino chaka chikatha m'malo motaya. Ndipo muli kope la ana asukulu mmene ankalemba mafuta aliwonse amene athira ndi ulendo uliwonse umene ayenda. Pa tsamba lina analemba kuti "kwa Chikondi, chipatala, ulele". Dzina limenelo ndi la mwana wa oyandikana nafe amene lero ali ndi zidzukulu.

Anzathu akunja anazindikira kalekale kuti galimoto yakale imagulidwa pamodzi ndi mbiri yake. Ku Britain, pa malo osungira magalimoto akale a British Motor Museum ku Gaydon, amasunga mabuku a mafakitale, ndipo mwini Land Rover yakale akatumiza nambala ya chesisi amamupatsa satifiketi yosonyeza tsiku limene galimotoyo inapangidwa, mtundu wa penti umene inatuluka nawo, ndi kumene inatumizidwa. Mu 2022 Mercedes-Benz ya mu 1955, imodzi mwa ziwiri zokha za mtundu wa 300 SLR Uhlenhaut, inagulitsidwa pa mayuro 135 miliyoni. Sindikunena kuti pikapu yathu yonyamula chimanga ikanafika pamenepo, ndingakhale wamisala. Koma chimene wogula wa Mercedes uja analipira ndi chomwechonso chimene bambo wa ku Blantyre ankafuna pansi pa mango: kutsimikiza kuti chitsulo chili pamaso pakecho n'chomwedi akuchinenacho, ndi kudziwa manja amene chadutsamo. Injini akhoza kusintha, penti akhoza kupaka, ngakhale kachitsulo ka nambala akathyali amakachotsa pa galimoto ina n'kukhomera pa inzake. Kupeka mapepala a zaka 40 ogwirizana nambala, masiku ndi zidindo n'kovuta kwambiri.

Vuto lathu n'loti pepala timaliwerengera ngati lamoyo pokhapokha ofesi ikulifuna. Laisensi ikatha ntchito, kudzala. Kalembera wa magalimoto atalowa pa kompyuta, ambiri atalandira zikalata zatsopano anaona ngati mabuku akale aja ndi zinyalala. Chonsecho kompyuta imakuuza mwini wa lero, pamene buku lakale lija limakuuza amene anaiyendetsa kuyambira pachiyambi. Ndipo si magalimoto okha. Afunseni madala amene anagwira ntchito kudzera ku Wenela ndi ku TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, ndi amasiye awo, mmene zimakhalira pamene amva za ndalama zawo za ku migodi n'kufunsidwa nambala ndi makadi a ntchito amene chiswe chinadya kalekale. Khadi la bambo anga nalonso linali m'chitini muja.

Palinso anthu amene amayendayenda m'midzi kufunsa zinthu zakale: wailesi ya Nzeru, makina osokera a Singer, njinga ya Humber, nyali ya Tilley, simbi ya makala, galamafoni, ndalama zoboola pakati za nthawi ya Chitaganya. Ine sindidana nawo. Nthawi zambiri iwowa ndiwo amapulumutsa zinthu zimene ife tikanazisiya pamvula, ndipo munthu amene alibe feteleza sungamuuze kuti asunge wailesi yosalankhula chifukwa cha mbiri. Chimene chimandiwawa ndi kugulitsa mwaumbuli. Wogula amafunsa ngati mwangozi kuti, "Kulibe kalisiti kake kapena kabuku kake?" ndipo agogo amakatulutsa n'kupereka ngati basera, osadziwa kuti baserayo ndiye wakweza mtengo wa katunduyo akafika m'tauni. Ngati mukugulitsa, pepala lipite ndi katundu wake, chifukwa kuzilekanitsa n'kuzipha zonse ziwiri monga tinachitira ife. Koma liwerengereni pa mtengo, ndipo mulijambule kaye pa foni mbali zonse. Pa galimoto lembaninso kalata yanu yogulitsirana, yokhala ndi nambala ya chesisi ndi ya injini, mboni zisayine, aliyense atenge kopi yake, ndipo musasiye wogula akuyenda m'dzina la malemu. Akachita ngozi apolisi adzagogoda pakhomo panu. Ogulawo nawonso akumbuke kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, ndipo zina mwa izo sizituluka m'dziko popanda chilolezo.

Kasungidwe kakenso timakalakwitsa pofuna kuchita bwino. Mnzanga wina anakamatitsa pulasitiki ya moto pa kalata ya ukwati ya makolo ake ya nthawi ya atsamunda, poganiza kuti akuiteteza, ndipo tsopano singatulukemonso. Selotepi imasiya chikasu chimene chimadya zilembo. Mapini ndi mawaya omangira mapepala amachita dzimbiri n'kuboola makona. Mayi anga sanaphunzire zonsezi, koma chitini chotseka bwino, pouma, pamwamba posafika chinyezi cha pansi, chinagwira ntchito zaka zonsezi. Chodabwitsa n'choti kopi ya kaboni ya mu 1971 ikuwerengeka bwino lomwe, pamene lisiti la makina limene ndinalandira pogula batire chaka chatha layera mbee, ngati sipanalembedwepo kanthu. Zidzukulu zathu zidzapeza zitini zodzaza ndi mapepala oyera.

Pempho langa likupita kwa a National Archives ku Zomba, amene akhala akusunga zikalata za dziko lino kuyambira 1947, a nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri, ndi a Society of Malawi amene laibulale yawo ili m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House, nyumba ya mu 1882 ija. Tulukani pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka mutiuze mapepala a anthu wamba amene mungalandire kapena kujambula, ndi kumene tingapite nawo. Munthu wa ku Bilira kapena ku Kasinje amaganiza kuti malo amenewa ndi a mapepala a boma ndi a azungu a mishoni okha. Komatu mbiri ya mmene Mmalawi wamba anayambira kukhala ndi galimoto yakeyake, mmene ankalipirira, ndi ntchito imene inkagwira pamudzi, ili m'zitini za mabisiketi. Inunso akonzi mungathandize: patulani kakona kamodzi pa sabata kosindikiza chithunzi cha pepala lakale limene wowerenga watumiza, atabisa zofunika kubisa, ndi mizere ingapo ya nkhani yake. Ine ndiyamba ndi kalata ya mapaundi ndi makwacha ija.

Loweruka lapitali ndinabwereranso pa Balaka kukafuna mayi wa zitumbuwa uja. Ndinamupeza, ndipo ndinamufunsa kumene anatenga mapepalawo. Anati anagula mulu kwa mnyamata amene ankakonza m'nyumba ina yakale yomwe ikufuna kugwetsedwa. Ndinapempha kuti andigulitse otsalawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa anzake ngati abambowa ali bwinobwino, kenako ananditchaja mtengo wa zitumbuwa khumi ndi kuti ndimubweretsere nyuzipepala zakale zolowa m'malo mwake. Ndinapeza masamba 14 okha. Pa limodzi mwa iwo pali Land Rover ya mishoni imene inathyoka sipuling'i kawiri mwezi umodzi, ndipo wolemba wa dzanja lokongola uja anawonjezera m'mphepete kuti dalaivala wake achenjezedwe.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu