Ndinasiya kupemphera, kodi ndiye kuti ndine woipa?

Azakhali,

Ndikulemba 2 koloko usiku. Akazi anga agona kuchipinda kwa ana, lero ndi tsiku lachinayi.

Nkhani yayambira pa kope. Ndili ndi kope lachikuto chobiriwira lomwe ndimalembamo madzulo aliwonse zomwe ndalakwa tsikulo, amene ndamukalipira, amene ndiyenera kukamupepesa. Loweruka ndinalipeza kunsi kwa bedi masamba atatu atathothoka. Akazi anga akuti anang'amba ndi mwana. Mwana wa zaka 4 angasankhe masamba atatu okhawo amene ndinalembapo za malemu mng'ono wanga? Ndipo kopelo ndimalisiya pamwamba pa kabati, pomwe iye safikira ngakhale atakwera mpando.

Chikhulupiriro changa chinatha chaka chomwe mng'ono wangayo anamwalira. Pali zina zinachitika pakati pa ine ndi iye zomwe sindinganene pano. Ndinapemphera miyezi yambiri mpaka ndinaona kuti ndikungolankhula ndekha. Sindinasanduke chidakwa ayi, ndinayamba kuwerenga. Epictetus, yemwe anali kapolo ku Roma, ankaphunzitsa kuti zinthu zina zili m'manja mwathu, zina ayi. Imfa ya m'bale wako siili m'manja mwako, koma mmene udzukire mawa lake zili m'manja mwako. Buddha, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo ku India, ankati mavuto amabwera chifukwa chokakamira zinthu zomwe sizikhalitsa, ndipo chiphunzitso chake sichidalira mlengi. Ngakhale zoti usachitire mnzako zomwe iwe sufuna, Confucius ankanena ku China zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. M'mawa ndimakhala chete mphindi 15, kungomvetsera mmene ndikupumira. Akazi anga omwewo anavomereza kuti ndinasiya kupsa mtima msanga.

Koma apongozi anga auza ana kuti bambo awo ndi otayika. Wamkuluyo anandifunsa akumanga zingwe za nsapato, osandiyang'ana n'komwe: "Adadi, inu mukapsa kumoto?" Ndinasowa choyankha.

Ndisaname, nanenso ndili ndi mbali yanga. Tsiku lina akazi anga akundipempherera mogwada ndinaseka. Sindinafune, chinangotuluka. Ndinalemba m'kope kuti ndikapepese, sindinapepese. Ndipo Loweruka lija, ine wodziwa kuti masamba ong'ambika sali m'manja mwanga, ndinakuwa mpaka mwana analira. Komabe iwo anayamba ndi kugwira kope langa. Ndi mmenemo mokha mmene ndinkalankhulira naye mng'ono wanga.

Kodi munthu angakhale wabwino osakhulupirira, kapena ndikungodzinamiza ndi mabuku? Ndizipita nawo kokapemphera n'kumangokhala duu kuti banja lisathe, kapena kumeneko ndiye kunamiza ana anga? Mwanayu ndimuyankhe chiyani? Nanga za masamba aja ndiwafunsenso akazi anga, kapena ndingozisiya?

Ine wosowa tulo